Asisi a makadi a tarot ku Katoto, ndinapitako ndekha

Ndiyambe ndanena kuti ine za maula si zanga, ndinakulira mu tchalitchi ndipo mayi anga atangomva kuti ndinapita kumeneku atha kundiitanira amayi onse a umanyano kkkk. Koma mnzanga amene timagulitsa naye zitenje ku Taifa anandiumiriza mpaka ndinagonja, akuti kuli asisi ena ku Katoto amawerenga makadi a tarot ndipo sali ngati aja a pa WhatsApp. Ajawo ndinawayesapo chaka chatha, ndinatumiza ndalama pa foni nde munthu kundibwezera ka voice note koti pali wina wapafupi sakukufunirani zabwino koma ndalama zikubwera. Ndani mu Mzuzu muno alibe munthu woteroyo? Ndalamazo mpaka lero ndikudikirabe.

Ndinapita Loweruka masana mu July, kuzizira kuja kwa kwathu kuno kobwera ndi kamvula kowaza, wa kabaza mpaka kudandaula kuti zala zauma. Ndimayembekeza nsupa, mikanda, utsi. Aaa ayi, katebulo koyalapo chitenje, kope la ana asukulu, bolopeni ndi makadiwo basi.

Nditangokhala ndinati ndikufuna ndidziwe ngati geni yanga iyende. Anakana kugwira makadi. Akuti "amama, funso limenelo ndi lalikulu ngati nyanja ya ku Nkhata Bay, chilichonse ndingakuuzeni chikwanamo." Tinatha mwina mphindi 15 tikungokonza funso lokha, ine mumtima ndikuti ndalama yanga ikupsa apa, mpaka tinafika poti: ndikatenga ngongole ku banki m'khonde mwezi uno kuti ndikapikule katundu wambiri ku Kyela, ndisamale ndi chani? Analilemba mu kope ndi deti yake. Mafunso a eya kapena ayi sawafuna, komanso ofunsira munthu wina amene palibe, zija zoti kodi amuna anga akuyenda ndi ndani, akuti zimenezo ndi miseche chabe.

Makadiwo alipo 78. Pali 22 akuluakulu amene amati Major Arcana, otsala 56 ali m'magulu anayi, makapu, ndodo, malupanga ndi ndalama zachitsulo. Awo ndi a mtundu wa Rider-Waite amene anatuluka ku London mu 1909, ojambula anali mayi wina dzina lake Pamela Colman Smith, ndipo ubwino wake khadi iliyonse ngakhale zing'onozing'ono zomwe ili ndi chithunzi chofotokoza nkhani, nde umatha kuona wekha osangomvera za owerenga. Chomwe chinandiseketsa, anandiuza okha kuti makadiwa anayamba ku Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera, njuga yeniyeni, zoombezerazi zinadzayamba mochedwa ku France chakumapeto kwa m'ma 1700. Sing'anga uti angakuuze kuti nsupa yake poyamba inali choseweretsa?

Anandipatsa kuti ndisakanize ndekha, ndidule, nditole atatu okha. Ndinafunsa bwanji atatu poti pa TikTok amayala tebulo lonse. Akuti kayalidwe ka makadi 10 kaja, Celtic Cross, amakadziwa, koma makadi akachuluka wowerenga amangosankha yomwe yamukomera nkusiya zinazo. Ndipo apa ndi pomwe ndinawapatsa ulemu: asanatembenuze ndi imodzi yomwe analemba kaye kuti yoyamba ndi pomwe muli, yachiwiri chomwe chikukutchingani, yachitatu choti musamale nacho. Ndekuti sangadzasinthe nkhani khadi itaoneka kale.

Yoyamba inatuluka Ten of Wands. Sananene kanthu, anangoti mukuona chani. Pachithunzipo bambo wawerama wakupatira ndodo 10, nkhope yake yabisika mu mtolomo moti njira sakuiona bwino, nyumba zili patsogolo apo. Ine ndinati awa ndi amayi a nkhuni aja timakumana nawo mmawa akutsika ku Kaning'ina. Nde anati mtolo wanu muli chani? Abale inu ndinayamba kulakatula, fizi ya ana a malemu achemwali anga, lendi, mankhwala a mayi kumudzi, zonse zikuchoka pa benchi imodzi ya zitenje ija, mpaka misozi inalengeza ine osadziwa.

Yachiwiri, Death, nambala 13, chigoba chakwera hatchi yoyera. Mtima unangoti phwii. Iwo kuseka, akuti aliyense amatero koma khadi imeneyi amaiwerenga ngati chinthu chomwe chatha ntchito koma mwini wake akukana kuchisiya, si za maliro. Kodi chilipo chotero ku geni kwanu? Chinalipo. Zitenje za mapatani akale zomwe zakhala chaka chathunthu ine ndikukanirira mtengo chifukwa ndinapikula modula, ndalama yagona mu chikwama cha Shangani koma ine ndikufuna kukatenga ngongole ina.

Yachitatu inali Two of Pentacles koma inatuluka chadodolido, mnyamata akuponyaponya ndalama ziwiri kumbuyo kwake zombo zili pa mafunde. Anati owerenga ena za khadi yozondoka sazitsata, chachikulu usankhiretu usanayambe, iwo amazitsata. Tanthauzo lake akuti kusakaniza zinthu mpaka china chigwe. Ndalama ya ndiwo ndi ya mpamba kwa ine zimakhala mu kachikwama kamodzi, sindinatsutse.

Tsono kodi makadiwo anadziwa za ine? Ine ndikuti ayi. Zonse zija zinatuluka mkamwa mwangamu, iwo amangodziwa kufunsa ndi kukhala chete pomwe pafunika, ndipo nditawauza zimenezi sanakwiye, anangoti nanga mumafuna zichokere kuti. Za matenda, mimba, milandu ya ku khoti kapena zoti wandilodza ndani amakaniratu, akuti kuchipatala ndi kwa maloya kulipo. Ndinapempha kuti titolenso mwina pangatuluke yabwinoko, anakana, funso limodzi kamodzi basi.

Zosandisangalatsa zilipo. Tinapangana 2 koloko koma ndinadikira pakhonde mphindi ngati 40 mu mphepo ija ali ndi kasitomala wina, popanda ndi pepani yemwe. Kachipindako ndi kakang'ono, chitseko sichitsekeka bwino, ana akusewera panja amamva zonse nde munthu ukulira. Akatengeka amalowa Chitumbuka chakuya kuphatikiza maina achizungu a makadi, ine wa ku Dedza ndimachita kuwabweza. Kumapeto anayambanso za nyenyezi ya mwezi womwe ndinabadwa, pamenepo ndinangoona ngati tabwerera kwa aja a voice note. Ndipo K10,000 kwa ola limodzi, kwa ife a ku Taifa ndi ndalama ndithu, ngakhale bola amalandira pa Airtel Money ndi Mpamba.

Potuluka anang'amba pepala lija mu kope nkundipatsa, akuti pakatha miyezi itatu ndidzaliwerengenso ndione zomwe zinalondola ndi zomwe zinaphonya, ndikafuna ndidzawauze chifukwa nawonso amasunga zawo. Ngongole ija sindinatengebe. Zitenje zakale ndinatsitsa mtengo, zatsala zisanu ndi chimodzi, ziwiri za maluwa achikasu zija palibe akuzifunsa ngakhale pang'ono.