Zaka ziwiri pa kliniki ya zamalamulo: fellowship ya loya wodziwa kuugwira mtima

Ndangomaliza kumene fellowship (ntchito yomwe munthu amagwira uku akusulidwa) ya zaka ziwiri pa sukulu ina ya zamalamulo ku United States, m'kliniki yothandiza mabanja pa milandu ya maphunziro ndi tsankho la khungu. Kliniki yotere ndi ofesi ya maloya yomwe ili m'kati mwa sukulu, momwe ophunzira amaimira anthu enieni kwaulere moyang'aniridwa ndi loya wovomerezeka. Wa fellowship ndiye loya woyang'anirayo, koma nayenso amakhala akusulidwa ndi pulofesa wa klinikiyo kuti adzathe kuphunzitsa payekha. Imodzi mwa ma fellowship odziwika ndi ya yunivesite ya Georgetown ku Washington, komwe munthu amatuluka ndi digiri yapamwamba ya zamalamulo yotchedwa LL.M.; yanga inali ya kwina.

Chimene ndinapindula kwambiri ndi luso lokhala chete. Mayi wina anabwera ndi kalata yopindapinda, yomwe anaitulutsa m'thumba la yunifolomu yake ya kuntchito, yonena kuti mwana wake wa zaka 14, mnyamata wachikuda, waimitsidwa sukulu kachitatu chifukwa cha "kusamvera". Nditangoiwerenga ndinaona pomwe panali nkhani. Kuchokera pa mlandu wa Goss v. Lopez wa mu 1975, mwana wa pa sukulu ya boma sayenera kuimitsidwa asanauzidwe chimene walakwa ndi kupatsidwa mpata wodziyankhira, ndipo popeza mnyamatayu anali ndi ulumali wodziwika kusukuluko, lamulo la IDEA, loteteza maphunziro a ana olumala, linkafuna kuti masiku oimitsidwa atapyola 10 motere pakhale msonkhano woona ngati khalidwelo silinachokere ku ulumaliwo. Wophunzira zamalamulo amene ndinampatsa mlanduwo zinamutengera masiku atatu kuti afike pamenepo, ndipo pulofesa anandiletsa kumuuza yankho. Anati ndizingomufunsa mafunso. Pa tsiku la msonkhano wophunzirayo anachita chibwibwi poyamba, ine manja ndili nawo pansi pa tebulo, mtima uli m'mwamba, mpaka anadzigwira nawerenga masiku onse oimitsidwa limodzilimodzi pamaso pa mphunzitsi wamkulu. Mnyamatayo anabwerera m'kalasi sabata yomweyo. Ndikanalankhula ndine zikanatha msanga, koma wophunzirayo sakanatolapo kanthu.

Pa mbali ya tsankho ndi pomwe malonjezo a fellowship anaposa zomwe malamulo amalola. Aliyense amabwera atanyamula m'mutu Brown v. Board of Education wa mu 1954, mlandu womwe loya wachikuda Thurgood Marshall anapambana pothetsa masukulu osankhana mitundu, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku imalamulidwa ndi zigamulo zina zowawa. Mu 1973, pa mlandu wa Rodriguez, Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, inati malamulo aakulu a dzikolo satchula maphunziro ngati ufulu wachibadwidwe, ndipo mu 2001, pa mlandu wa Alexander v. Sandoval, inati munthu sangasumire pansi pa Title VI, gawo la lamulo loletsa tsankho la mtundu m'mabungwe olandira ndalama za boma, pongoonetsa ziwerengero zoti ana a mtundu wina akulangidwa kwambiri. Ayenera kuonetsa kuti tsankholo linali ladala. Chotero milandu yathu yambiri inkathera pa malamulo a ulumali, a boma la chigawo, kapena pa dandaulo lopita ku Office for Civil Rights (ofesi ya boma yolandira madandaulo a tsankho m'masukulu), lomwe liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180. Kufotokozera kholo loona tsankho ndi maso ake kuti khothi silingamve nkhaniyo m'dzina lake lenileni ndi ntchito imene palibe anandikonzekeretsa.

Dandaulo langa lalikulu ndi la nthawi. Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi a kampani ya maloya, ndipo zimenezo ndinazidziwa ndisanasaine. Chimene sindinauzidwe momveka ndi chakuti ophunzira akapita kutchuthi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mafayilo onse amatsalira wa fellowship, pomwe miyezi imeneyi ndi yomwe ndinalonjezedwa kuti ndidzalemba pepala la kafukufuku, lomwe masukulu amafunsa munthu akamafuna ntchito ya upulofesa. Langa ndinalimaliza usiku, mochedwa ndi theka la chaka.

Ndingailimbikitse kwa loya amene wagwirapo kale milandu kwa zaka zingapo ndipo watsimikiza mtima kuti akufuna kuphunzitsa. Koma asanavomere afunse amene amasunga milandu pa tchuthi, afunsenso komwe anthu atatu omaliza kuchita fellowship imeneyo akugwira ntchito lero.