Miyezi 8 tikusewera Blades in the Dark: nkhani ikuyenda, koma woyendetsa amatopa

Tinasiya Dungeons & Dragons (D&D), masewera a patebulo omwe aliyense amakhala munthu wa m'nkhani ndipo woyendetsa amatsogolera nkhaniyo, chifukwa cha ndewu imodzi ya m'masewerawo. Inatidyera maola awiri, aliyense ali kalikiliki kuwerenga masitepe pamapu, ndipo pomwe imatha tinali titaiwala chomwe tinalowera m'phangamo. Pagulu lathu la anthu asanu, anayi timabwerera nkhani, choncho ndinagula Blades in the Dark ya John Harper, masewera a mtundu womwewo omwe kampani ya Evil Hat inatulutsa mu 2017. Papita miyezi 8 tsopano. Timakumana kawiri pamwezi, woyendetsa ndine.

Osewera amakhala kagulu ka mbava mumzinda wa Doskvol, komwe dzuwa silituluka ndipo mizukwa imangoyendayenda. Madayisi ake ndi wamba, a mbali 6 ngati a Ludo. Umaponya angapo n'kuwerenga lokhalo la nambala yaikulu: 6 zatheka, 4 kapena 5 zatheka koma ulipirapo kanthu, 1 mpaka 3 zavuta. Nkhani yonse imabadwira pa 4 ndi 5 pamenepo. Tikamasewera D&D, loko akakana ankangokana, timayesanso. Kuno loko amatseguka ndithu, koma mlonda wakuona nkhope.

Chomwe chinatisintha kwenikweni ndi lamulo la flashback. Kale anzangawa ankatha ola lonse akukonza pulani yomwe inkagwera pa chitseko choyamba. Pano timayamba ntchito ili kale mkati. Zikathina wina amangoti, "Mlonda uyu ndinamupatsa kangachepe dzulo," ife n'kubwerera kukaona momwe zinayendera, iye n'kulipira ndi stress, muyeso wa kupanikizika kwa mbava yake. Stress ili ndi timabokosi 9. Tikadzaza, munthu wako amatenga trauma, bala la m'maganizo losapola, ndipo ikafika yachinayi amasiya umbava. Mchemwali wina pagulu lathu ankaiwononga stress dala, osaumira ngakhale pang'ono, mpaka mbava yake inapuma ntchito mwezi wachisanu ndi chimodzi. Usiku umenewo palibe anagwira foni.

Koma m'miyezi yoyamba sindinkadziwa kuti ntchito yomwe ndinkachita kunyumba pokonzekera sinathe, inangosamukira patebulo. Dayisi likagwa pa 4 kapena 5, maso onse amakhala pa ine kuti ndipeke tsoka pomwepo, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri usiku umodzi. Miyezi iwiri ndinkangotumiza apolisi a Bluecoats mpaka anthu anayamba kundiseka. Chinandipulumutsa ndi kufunsa osewerawo kuti, "Inuyo mukuopa chiyani apa?" Amapeka zoipa kuposa zanga. Kukambirana za kuopsa kwa chochita tisanaponye nakonso nthawi zina kumasanduka kunenerera ngati pamsika, ndipo mpaka lero sindinakupezere mankhwala.

Wachisanu wathu sanaikonde. Iye amafuna mapu, manambala, kudziwa kuti lupanga lake lifika pati. Anati, "Achimwene, uku ndi kucheza chabe kokhala ndi madayisi." Sindinamutsutse kwambiri. Tinayesako masewera ena otchedwa Fate Core mausiku awiri kuti mwina ingatigwirizanitse, koma kwa iye inali yotakasuka koposa.

Kwa okonda nkhani omwe pakamwa sipachita manyazi, ndingaigulenso mawa. Mnzathu uja pano amayendetsa D&D kamodzi pamwezi ndipo timapitako. Loweruka likubwerali mbava zathu zili ndi ngongole kwa a Red Sashes, gulu lina la zigawenga mu Doskvol, ndipo sindinakonzekere chilichonse.