Kachipangizo ka Tetris ka pamsika wa Ulónguè

Kachipangizo ka masewera ka m'manja komwe amalonda amagulitsa pamsika wa Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndi koyenera kugulira ana, ngakhale kuti masewera 9999 olembedwa pachikuto chake ndi ochepa omwewo ongobwerezedwa. Chokoma kwambiri m'menemo ndi Tetris, sewero losanja njerwa zomwe zimagwa kuchokera pamwamba, lomwe Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984 pa kompyuta ya Elektronika 60, yomwe sinkatha kuonetsa zithunzi, kotero kuti iye ankagwiritsa ntchito zizindikiro zolembera poimira njerwa. Njerwazo zili m'mitundu 7, ndipo iliyonse ili ndi timabokosi 4. Mabatire a kachipangizoka amakhalitsa, zomwe n'zothandiza kwambiri m'midzi yopanda magetsi, koma chondidandaulitsa n'chakuti galasi lake siliwala mumdima.