Pampu ya sola pa famu yathu ku Lusaka West, patatha chaka ndi theka

Alamu anga a ku Katete anandiimbira foni kufunsa ngati nawonso agule pampu ya sola yonga yomwe tinaika pa famu. Funso lawo linandipeza nditangochoka kolipira K5,200 ya controller yatsopano (kabokosi koyendetsa pampu ndi magetsi ochokera ku mapanelo), mtima udakali wowawa, choncho ndinawapempha kuti adikire kaye ndiganize mofatsa. Pampuyi ili yatsopano ndinkaitamanda kwa aliyense wondifunsa. Tsopano yatha chaka ndi theka ili m'madzi, ndipo pali zina zomwe munthu ayenera kuzimva asanatulutse ndalama zake.

Famu yathu ili ku Lusaka West, mukapatuka mumsewu wa Mumbwa. Nyumba yake ndi ya nthawi ya atsamunda, ya njerwa zootcha, makoma okhuthala, khonde lalitali ndi malata omwe apentedwa kambirimbiri. Bambo anaigula adakali pantchito, ine ndinaitenga iwo atatisiya. Borehole tinaipeza ilipo kale, yakuya mamita 52, ndi pampu yoyendera malaiti, ndipo sinkatipatsa vuto mpaka chilala cha 2024. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi m'damu la Kariba, lopangira magetsi, anatsika, ndipo pofika Seputembala malaiti ankabwera maola atatu okha pa tsiku, nthawi zambiri pakati pa usiku. Tinkagona tikumvetsera firiji, kuti ikangolira wina adzuke akayatse pampu. Thanki sinkadzaza, nkhuku zinkafuna madzi, repu m'dimba n'kumafota ife tikuona.

Ndinapita ku Kamwala n'kugula pampu ya DC (yoyendera magetsi a mapanelo) ya mainchesi 3, mapanelo atatu a 550W ndi controller, zonse pamodzi ndi anyamata odzaika zinakwana K36,000. Thanki ya malita 5,000 tinali nayo kale. Sitandi yachitsulo ya mamita 6 anandiwotcherera ku Kalingalinga pa K7,500, ndipo mpaka lero sinagwedezeke.

Zomwe zikuyenda bwino sindichulukitsa mawu. Dzuwa likakhala la bwino, thanki imadzaza tisanadye nsima ya masana. Kukachita mitambo pampu imayendabe pang'onopang'ono, siima. Phokoso palibe. Mapanelo ndinawayang'anitsa kumpoto n'kuwapendeka pafupifupi madigiri 15, monga zimafunikira kuno kwathu, ndipo ntchito yawo n'kuwapukuta fumbi basi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Mukawasiya ndi fumbi la nthawi imeneyo, madzi otuluka amachepa moonekeratu.

Mapaipi akale achitsulo a m'nyumba anali atatsekeka ndi dzimbiri, moti ndinawachotsa ndekha n'kuika akuda apulasitiki. Apa ndingochenjeza kuti mamita 10 aliwonse a kutalika kwa thanki amapereka mphamvu ya 1 bar, ndiye sitandi ya mamita 6 imapereka pang'ono kuposa theka lake. Kukhitchini madzi amatuluka bwino, koma shawa ndi yofooka, ndipo ilo si vuto la pampu.

Vuto lenileni, lomwe silichoka, linayamba patatha miyezi isanu. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza pampu itaima, thanki ili theka, kanyali kofiira kolembedwa kuti Well kakuyaka pa controller. Kanyali kameneka kamatanthauza kuti m'borehole madzi atha, ndipo controller imaimitsa pampu dala kuti isapse. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso, inayenda kanthawi kochepa n'kuimanso. Mawa lake chimodzimodzi. Nditaimbira wogulitsa uja sanafunse n'komwe zambiri. Anati ndi chilala, madzi apansi atsika, tiyenera kukumba borehole ipite pansi, ndipo ali ndi mnzake wa makina okumbira amene angatichitire pa mtengo wabwino. Mawu amenewo anandisowetsa tulo, chifukwa ndalama yokumbira ndinalibe, ndipo munali mu Febuluwale, mvula ikugwa.

Amene anandithandiza ndi amdala ena oyandikana nafe, omwe anagwira ntchito ya mipope moyo wawo wonse. Anabwera ndi chingwe chachitali, anamangako kanati kolemera, n'kutsitsa m'borehole. Madzi anawapeza pa mamita 19, pamene pampu ili pa mamita 42. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, madzi muli nawo ambiri. Tulutsani pampu tione maso ake." Maso omwe ankanena ndi kachipangizo kokhala ndi timisomali tiwiri tachitsulo, komangiriridwa pa paipi pamwamba pang'ono pa pampu. Timisomalito tikakhala m'madzi, kamphamvu kochepa ka magetsi kamadutsa pakati pake, controller n'kudziwa kuti madzi alipo. Tikauma, kamphamvuko kamaduka, pampu n'kuima.

Kutulutsa pampu pa mamita 42 si ntchito ya munthu mmodzi. Pamafunika wina wokoka chingwe, wina wogwira paipi yodzaza madzi, wina woyenda nayo kukaiyala pa udzu kuti isapindike, ndi wina woyang'anira waya kuti asakhulike pakamwa pa borehole. Wayayo akangokhulika ndiye kuti mwaputa vuto lina. Titaitulutsa, timisomali tija tinali titayera mbuu, titakutidwa ndi chikhungwa cholimba ngati cha mkati mwa ketulo yakale. Laimu ameneyu ndi amene ankatchinga magetsi, controller n'kumaona ngati m'borehole mwauma pamene madzi ali tho.

Aliyense wokhala mu Lusaka amawadziwa madzi athu. Mzindawu wakhala pamwamba pa mwala wa laimu, womwewo womwe amaphwanya ku Chilanga popanga simenti, simenti imene inagwira ntchito pomanga damu la Kariba m'zaka za m'ma 1950. Madzi akamayenda m'ming'alu ya mwala umenewu amausungunula pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sopo satulutsa thovu msanga ndipo magiza amafa asanakalambe. Munthu wogulitsa mapampu mu Kamwala sangakhale wosadziwa zimenezi. Ndi chimene chimandipweteka kwambiri. Akanangondiuza tsiku logula kuti kachipangizo aka kamafuna kutsukidwa, bwenzi ndikudziwa pothamangira. M'malo mwake anafuna kundikumbitsa borehole yomwe ilibe vuto.

Mankhwala ake ndi otchipa. Tinakaviika usiku wonse mu viniga woyera wa m'sitolo, m'mawa n'kukatsuka ndi mswachi wakale, chitsulo n'kuonekanso. Titabwezera pampu, kanyali kanazima ndipo madzi anatuluka ngati tsiku loyamba. Koma laimu samapita. Pakatha miyezi inayi kapena isanu kanyali kamayakanso, ndipo ntchito yonse ija imayambiranso: kuitana anyamata, kuwapatsa K400 ndi chakudya, kutaya tsiku lathunthu. Ena anandiuza kuti ndingolumikiza mawaya awiriwo pa controller kuti iziganiza kuti madzi alipo nthawi zonse. Ndinakana. Mu Okutobala madzi apansi amatsikadi, ndipo pampu ikayenda youma imapsa. Ndi bwino kuvutika ndi viniga kusiyana n'kugula pampu ina.

Laimu yemweyo amaumitsanso valavu ya mpira ya m'thanki. Ikakakamira, madzi amasefukira n'kunyowetsa pansi pa sitandi, ndipo chinyontho pafupi ndi nyumba yakale chimaitana chiswe. Panopa ndimakwera mwezi uliwonse kukaipukuta.

Ngakhale zili choncho, mukanandifunsa mu Novembala ndikanakuuzani kuti gulani lero lomwe. Chilimwe chonse dimba linali lobiriwira. Amayi a kunyumba ankatumiza repu ndi tomato ku msika wa Soweto, ndipo ndalama yake ndi imene inagula malata atsopano a khola la nkhuku ndi matabwa a ku Buseko okonzera denga la khonde. Anzathu omwe anasankha jenereta nthawi ya chilala ija ankathira petulo wodutsa K30 pa lita tsiku ndi tsiku, ife osatulutsa ngakhale ngwee.

Kenako kunabwera mvula ya mu Januwale. Mphenzi sinagwe pa mapanelo, inagwa pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa khola, koma mphamvu yake inayenda m'mawaya. M'mawa controller inali chete, ikununkha kupserera. Ndinainyamula pamodzi ndi lisiti kupita ku Kamwala ndili ndi chikhulupiriro, chifukwa pogula anandiuza pakamwa kuti waranti ndi ya zaka ziwiri. Bamboyo anaitembenuza, anainunkhiza, n'kundifunsa ngati pa mapanelo pali ndodo ya kopa yokhomedwa pansi ndi kachipangizo koteteza ku mphenzi. Ndinati palibe. Anati ndiye kuti waranti siigwira, ndipo pa lisiti panalembedwa pampu yokha. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti, "Bambo, amene anaika zonsezi ndi anyamata anu, ndipo ndalama yoikira ndinakupatsani inuyo m'manja." Anayankha kuti anyamatawo ndi a ganyu, si antchito ake.

Zinthu ziwiri zomwe ankanenazo pamodzi sizifika K1,000. Tsiku logula, munthu amene akutulutsa K36,000 sangakane kuonjezera K1,000 kuti ateteze katundu wake. Sanazitchule. Titakangana nthawi yaitali anachotsa K800 pa mtengo wa K6,000, akuonetsa ngati wandichitira chifundo chachikulu. Controller yofanana nayo analibe, ndipo poidikira masabata angapo tinkatunga madzi akumwa ndi wilibala kwa amdala aja. Mwayi wake inali nthawi ya mvula, dimba silinafe. Zikanachitika mu Seputembala bwenzi tikunena zina.

Ndodo ya kopa ndakhoma ndekha pamalo onyowa pafupi ndi sitandi, n'kuilumikiza ndi waya wokhuthala ku chitsulo chogwira mapanelo ndi ku controller. Choteteza ku mphenzi anandiikira ndi mnyamata wa zamagetsi wa ku Kanyama amene amdala aja anandilozera, ndipo iye anandifotokozera chilichonse chomwe ankachita.

Ndikawerengera zonse, pampu, sitandi, mapaipi, controller yachiwiri, zoteteza ndi ganyu ya anyamata okoka pampu, ndadutsa K52,000. Masiku omwe thanki ikusefukira ndipo ana akusamba osawerengera ndowa, ndimaona kuti ndalamayo inapita pabwino, ndipo pampu yeniyeniyo sinandilakwirepo ngakhale kamodzi. Masiku omwe kanyali kofiira kayaka, ndimakumbukira kuti pafupifupi K8,000 mwa ndalama zimenezo zikanakhala m'thumba mwanga akanakhala kuti wogulitsa ananena zoona pa laimu ndi pa mphenzi. Pampu ya sola ndingaigulenso. Pa sitolo ija ayi.

Pa controller yatsopanoyi sindinachoke mpaka atalemba waranti pa lisiti n'kudindapo chidindo, ndipo analemba miyezi isanu ndi umodzi yokha. Tsiku lomwelo anandiuza kuti pali kachipangizo ka mtundu wina, koyandama, komwe laimu sakavutitsa msanga, ndipo ndinasiya K450 kuti andiitanitsire. Mpaka pano sikanafike. Mauthenga anga pa WhatsApp amawerenga koma sayankha, ndipo Loweruka ndikupita komweko kukatenga kachipangizoko kapena ndalama yanga.