Kampani yoyendera denga musanagulitse nyumba: amisiri ndi abwino, ofesi yawo ndiye ayi

Kampani imene ndikuinena pano imagwira ntchito ziwiri. Imakhoma madenga atsopano, komanso imatumiza mmisiri kudzayendera denga lakale n'kulemba lipoti la mmene lilili. Ine ndinalipira ntchito yachiwiriyi, chifukwa ndinkagulitsa nyumba ya malata amene anali atapitirira zaka 30, ndipo aliyense wobwera kudzaiona ankayamba wakweza maso kumwamba asanalowe n'komwe kukhitchini. Dzina lawo sinditchula poti ndili ndi zodandaula, koma zimene ndinaona zingathandize amene akuganiza zoitana anthu otere.

Vuto la denga lakale pogulitsa nyumba ndi lakuti wogula sadziwa kukula kwa vutolo, ndiye amangoganizira zoipitsitsa. Akaona banga limodzi pasiling'i, m'mutu mwake wawerengera kale malata onse atsopano, matabwa onse, amisiri, n'kuchotseratu zonsezo pamtengo wa nyumba. Amene akugula ndi ngongole ya kubanki ali ndi nkhawa inanso, chifukwa banki imatumiza munthu wake kudzaona nyumba isanatulutse ndalama, ndipo a inshuwalansi nawonso amakonda kufunsa za denga. Ejenti amene ankandithandiza kugulitsa anali ndi nzeru yachidule: "Mayi, ingolipentani liwale, anthu amagula ndi maso." Ndinakana. Chimenecho n'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wogula wochenjera akabwera ndi mmisiri wake n'kupala penti ndi mpeni, ndiye kuti sakhulupiriranso chilichonse chimene mwamuuza za nyumbayo, ngakhale choona.

Kuchokera ku kampani ija anabwera amuna awiri, wachikulire ndi mnyamata womugwirira makwerero. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti wachikulireyo sanayambe wakwera pamwamba. Analowa kaye pakabowo ka m'siling'i ndi tochi, atafika m'katimo n'kuizimitsa. Kenako anandiitana kuti ndikwere ndisuzumire. Mumdima muja munkaoneka timabowo ta kuwala, tambiri mbali imodzi, pafupi ndi pamene malata amalumikizana, pomwe mbali inayo kunali bii. Anati masana ndiye nthawi yabwino yopezera mabowo chifukwa dzuwa limakuonetsa lokha. Atayatsanso tochi anayamba kubaya mapaso ndi sikuludiraiva, limodzilimodzi. Ambiri ankalira gogogo, olimba. Atatu a pansi pa ngalande ya denga, sikuludiraiva inalowa ngati mulibe kanthu. Anali ndi kachipangizo ka mano awiri koyezera chinyezi m'thabwa, ndipo anandifotokozera kuti thabwa likamakhala ndi chinyezi chopitirira 20 peresenti nthawi yaitali, limayamba kuola. Anafufuzanso njira za chiswe m'makoma ndi m'matabwa, sanapeze.

Za banga la m'chipinda chogona, limene ndinkakhulupirira kuti bowo lake lili pamwamba pomwepo, anandionetsa kanjira kakuda kotsika ndi phaso kuchokera kutali ndithu, pafupi ndi chumuni. Madzi akalowa sagwera pomwepo ayi, amatsetsereka ndi thabwa mpaka atapeza podonthera. N'chifukwa chake amene ankabwera kudzamata phula pamwamba pa chipindacho zaka zonsezi ankangotaya nthawi yawo ndi ndalama zanga.

Pamwamba sindinakwere nawo, koma ndinkawaona ndili pansi akuponda motsatira mzere wa misomali, pamene pali thabwa pansi pake. Atatsika anandionetsa zithunzi pafoni n'kundiphunzitsa kusiyanitsa dzimbiri. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi imene imayamba kudyeka kuti chitsulo chitetezedwe. Ufa wotuwa umene umaoneka pamalata akale ndi zinki ikutha, koma lata likadali ndi moyo. Dzimbiri lofiira ndiye kuti zinki yatheratu pamenepo, chitsulo chayamba kudyeka. Pa denga langa lofiiralo linali malo odziwika: polumikizira malata pamene madzi amabisala osauma msanga, mozungulira misomali, ndi m'ngalande ya pamene mbali ziwiri za denga zimakumana, mmene masamba anaunjikana n'kumasunga chinyezi chaka chonse. Misomali yambiri inali itazuka pang'ono, chifukwa lata limatanuka likatentha n'kubwerera likazizira, tsiku ndi tsiku, mpaka msomali umakhwepa. Pamene munthu wina anaikapo masikuluwu m'mbuyomu, timphira take tinali titauma ndi dzuwa n'kung'aluka.

Mpaka apa ndinalibe chowanenera. Bamboyo ankayankha funso lililonse mosatopa, ndipo nditamufunsa mosapita m'mbali ngati denga lonse likufunika kuchotsedwa, anati, "Ayi mayi, mbali ya kumbuyo ndi ngalande ndizo zadwala. Kutsogoloku kukhoza kupirira zaka zina ndithu mukakumangitsa bwino." Sanalonjeze kuti zaka zingati, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo, poti moyo wa malata umadalira zambiri: kukhuthala kwake, kutsetsereka kwa denga, mitengo yoyandikana nalo, ngakhale mpweya wa mchere kwa amene ali pafupi ndi nyanja yamchere.

Mavuto anayamba nkhani itafika ku ofesi. Lipoti linachedwa kupitirira tsiku limene analonjeza, ndipo ndinachita kuimba foni mobwerezabwereza pamene ogula ena ankadikira. Litafika, tsamba loyamba silinali lipoti, linali mtengo wa denga latsopano la nyumba yonse, ndi zithunzi zokongola za malata amitundumitundu. Zimene mmisiri wawo yemwe anandiuza pamaso, zakuti theka la denga lili bwino, zinali zitabisika m'kati, m'mawu a amisiri okhaokha. Zithunzi zinalipo zambiri koma zopanda mawu osonyeza kuti ichi ndi cha mbali iti. Munthu wongowerenga mothamanga akanaganiza kuti nyumba yonse igwa mawa. Ndikumvetsa kuti kampani yokhoma madenga imafuna kukhoma madenga, koma ine ndinalipira kuti andiuze zoona za denga langa, osati kuti andigulitse lina. Ndinawabwezera kuti achotse tsamba limenelo, alembe mawu pansi pa chithunzi chilichonse, ndiponso agawe zimene apeza: zofunika kukonza msanga, zimene zingadikire, ndi zimene zili bwino. Anachita, monyinyirika, ndipo lipoti lachiwirilo ndi limene linandithandiza.

Palinso nkhani ya galaja. Denga lake ndi la mapepala akale a simenti, ndipo mmisiri uja anakana kulipondapo. Anati mapepala akale otere nthawi zambiri amakhala ndi asibesitosi, amasweka mosachenjeza munthu akapondapo, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa koopsa patapita zaka zambiri. Anandichenjeza kuti wina asawaboole, asawacheke, asawakwechese, ndipo kuti kutsimikiza kwake n'kutumiza kachidutswa ku labotale. Uphungu wabwino kwambiri umenewo. Koma mu lipoti loyamba munalibe liwu ngakhale limodzi lonena za galaja, ngati kuti kulibe. Ndikanapanda kuima pomwepo akulankhula, sindikanadziwa, ndipo wogula akanadzazitulukira yekha n'kuganiza kuti ndinabisa dala.

Ndili ndi lipoti m'manja, ndinasankha njira yapakati. Denga latsopano lonse sindinalifune. Ndalama zake n'zambiri, sindinakhulupirire kuti zibwerera zonse pamtengo wogulitsira, komanso wogula akhoza kukhala ndi maganizo ake pa mtundu wa denga limene akufuna. Kugulitsa osakonza kalikonse nakonso kukanandiika m'manja mwa anthu ofuna zotchipa okhaokha. Ndiye ndinaitana kalipentala wina, osati wa kampaniyo, amene anasintha mapaso atatu aja, anaika ngalande yatsopano, anakonza mozungulira chumuni ndi chitsulo choyenera m'malo mwa phula, n'kuchotsa misomali yokhwepa kuikamo masikuluwu okhala ndi timphira tatsopano. Malata a kumbuyo ndinawasiya momwemo. Malisiti onse ndi zithunzi za ntchitoyo ndinaziphatikiza ndi lipoti, ndipo aliyense wodzaona nyumba ankapatsidwa kope asanafunse n'komwe. Malamulo a zimene wogulitsa ayenera kuulula amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani loya wanu, koma kubisa vuto limene ukulidziwa kukhoza kukubwerera ngakhale nyumba itagulidwa kale.

Si onse amene anasangalala nalo. Banja lina litawerenga za dzimbiri ndi galaja silinabwererenso, ndipo ejenti anandiyang'ana ndi diso lakuti ndinakuuzani. Koma amene anagula pamapeto pake anabwera ndi mmisiri wake, amene anakwera, analowa m'siling'i, n'kupeza zomwezomwezo zimene zinalembedwa. Kuyambira pamenepo kukambirana kunasintha. Sitinkakangananso za "denga" ngati chinthu chimodzi choopsa, tinkakambirana za malata a mbali ya kumbuyo ndi denga la galaja, zinthu zimene munthu angathe kufunsa mtengo wake kwa amisiri awiri kapena atatu n'kugwirizana. Ndinatsitsa mtengo, inde, koma molingana ndi mbali ziwirizo basi, osati denga lonse ngati mmene ena odzaona nyumba poyamba ankafunira.

Kodi ndingawatumizire munthu wina? Mmisiri uja, mosakayika. Kampaniyo, pokhapokha mutagwirizana nawo zinthu zina asanakwere makwerero. Auzeni kuti mukufuna lipoti lokha, lopanda mtengo wa ntchito yawo, ndipo ngati kwanuko kuli woyendera madenga amene sakhoma yekha madenga, yambani mwafunsa ameneyo. Funsani ngati galaja, khonde ndi tinyumba ta kuseri zili m'gulu la zoyenderedwa. Tsiku limene akubwera mukhalepo, muzilemba zimene akunena, chifukwa zimene zimanenedwa pansi pa makwerero sizifika zonse papepala. Onaninso mawu ang'onoang'ono a kumapeto kwa lipoti. Langa linkati likufotokoza mmene denga linalili tsiku loyenderalo lokha, moti nyumba ikakhalitsa pamsika mpaka kudutsa nyengo ina ya mvula, ayenera kubweranso, ndipo kubwera kwachiwiriko kuli ndi malipiro ake.