SLES 70 ndayiyesa miyezi isanu: sopo akutuluka bwino koma diso langa linatsala pang'ono kupita

Anthu angapo akhala akundifunsa ngati mankhwala opangira sopo wamadzi aja amati SLES 70 ali bho kapena ndi kungotaya ndalama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ena mumawadziwa ndi dzina loti texapon, ngakhale kunena zoona Texapon N70 ndi dzina la malonda la kampani ya BASF, anthu anangolizolowera mpaka SLES aliyense amangomutchula choncho kaya wapangidwa ndi ndani. Dzina lake lonse ndi sodium laureth sulfate, ndipo mukatembenuza botolo la shampu kapena sopo wotsukira mbale amene muli naye pakhomopo mwina mulipeza lalembedwa pamenepo, kawirikawiri limabwera pambuyo penipeni pa madzi.

Ine ndinagula makilo 5 kuti ndizipanga sopo wotsukira mbale ndi wosambira m'manja. Anabwera m'kachidebe koyera kapulasitiki, pachivundikiro atangolemba ndi maka kuti SLES basi, palibe lebulo, palibe tsiku lomwe anapangira, palibe chenjezo lililonse. Nthawi imeneyo sindinaone vuto eti, ndimangoti sopo ndi sopo. Mkatimo ndi chinthu choyera chotuwira, chonanda, chogwirana ngati mafuta odzola olimba aja, fungo pafupifupi palibe. 70 ameneyo akutanthauza kuti magawo 70 pa 100 alionse ndi mankhwala enieniwo, otsalawo ambiri ndi madzi.

Tsiku loyamba ndinachita zomwe aliyense angachite, ndinatapa kilo imodzi ndi theka kuika mu ndowa n'kuyamba kuthira madzi pang'onopang'ono ndikutakasa ndi mthiko, poganiza kuti chizisungunuka ngati mmene zinthu zina zimachitira. Abale inu. M'malo mofewa chinalimba! Chinasanduka jelo wa gwaa ngati labala, mthiko unaima wokha pakati pa ndowa osagwa, ndikakoka ndowa yonse imanyamukira limodzi kkkk. Ndinaonjeza madzi ambiri ndiye zinangokhala mibulu yoonekera mkati ikuyandama, ukaifinya imaterereka kuthawa m'manja. Ndinatukwana wogulitsa uja mumtima kuti wandigulitsa zabodza, koma kenako nditafufuza ndinapeza kuti wolakwa ndinali ine, ndi khalidwe lake la mankhwalawa. Akakhala pa 70 peresenti amakhala ofewa ndithu, akatsika kufika m'munsi mwa 28 peresenti amakhala amadzimadzi, koma pakatikati apo, kuyambira cha m'ma 30 kukafika cha m'ma 60, amagwirana kukhala jelo wolimba kwambiri. Ndiye ukamathira madzi pang'onopang'ono m'mankhwalamo ndiye kuti ukuwalowetsa dala m'chigawo cholimbacho. Njira yake ndi yotembenuza, madzi onse akhale kale mu ndowa, iwe uziponyamo mankhwala pang'onopang'ono uku ukutakasa modekha, ukapupuluma thovu limadzaza ndowa mpaka osaonanso zomwe ukuchita. Masiku ano ndimachita madzulo, ndikatakasa pang'ono ndimavundikira n'kukagona, m'mawa ndimapeza zasungunuka zokha, madzi oyera mbee.

Pa ntchito yake yeniyeni sindinama, ndi katundu wabwino. Kilo imodzi ndi theka imanditulutsira malita pafupifupi 10 a sopo, ndipo poto wa mafuta amayera ndi kadontho kochepa. Mmene zimagwirira ntchito n'zosavuta kumva: kachidutswa kalikonse ka surfactant, kutanthauza mankhwala otsukira ngati SLES ameneyu, kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta, michira ija imakalowa m'mafuta n'kuwazungulira kukhala timipira ting'onoting'ono, mitu ili kunja m'madzi, ndiye ukatsukuluza mafuta amapita limodzi ndi madziwo. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti ngakhale m'madzi aja sopo wamtanda amakana kuchita thovu n'kumasiya zoyerayera m'mbali mwa beseni, SLES amagwirabe ntchito, laimu wa m'madzimo samugonjetsa msanga. Thovu lokha ndiye musakambe, lambiri mpaka kunyansa, ngakhale ndinene pano kuti thovu si limene limachotsa litsiro, timangolikonda ife anthu chifukwa maso amakhuta.

Za mchere ndingodutsa mwachangu poti ambiri mukuzidziwa. Sopoyu akangosungunuka amakhala wamadzimadzi, ukathira mchere wamba wa kukhitchini amayamba kulemera, koma pali malire, ukapyola amabwerera kukhala madzi ndipo sungamubwezenso pokhapokha uphatikize ndi wina wopanda mchere. Ndinaononga malita 5 chifukwa cha dyera lofuna sopo wolemera kwambiri. Sungunulani mcherewo m'madzi kaye, muzithira pang'ono, takasani, dikirani, onani.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Sabata yachitatu ndinali kupala mankhwala otsalira m'mbali mwa chidebe ndi supuni yaikulu, anali atakakamira ndiye ndinakanikiza mwamphamvu, supuni inafwamphuka kachidutswa kakang'ono ngati kambewu kanauluka n'kundilowa m'diso lakumanzere. Sindinavale kalikonse kumaso. Ululu wake si uja wa shampu ukamasamba umangoti aaa n'kupukuta ayi, uwu unali moto weniweni, diso linatsekeka lokha misozi ili mbwee, ndipo choipa kwambiri n'chakuti chinthucho chikakumana ndi madzi ochepa chimalimba monga ndanenera muja, ndiye misozi ija m'malo mochichotsa inachisandutsa kajelo komatirira pansi pa chikope. Ndinathamangira pampopi ndikupapasa khoma, ndinatsegula diso ndi zala n'kuliika pamadzi oyenda, mlongo wanga akuwerenga nthawi pafoni chifukwa iye anakumbuka kuti amati mphindi zosachepera 15. Mphindi 15 diso lili pamadzi ndi zaka, ndikukuuzani. Thovu limatuluka m'diso ngati ndikuchapa malaya. Kuchipatala anandidonthezera mankhwala achikasu n'kuunika ndi kagetsi ka buluu, anati galasi la diso lakalika pang'ono pamwamba koma lipola, anandipatsa mankhwala odontheza, masiku anayi ndikuyenda diso lili psuu kuwala kulikonse kukundilasa. Adokotala anandifunsa dzina la mankhwala ndi mphamvu yake, ine n'kungoti texapon, pepala ndilibe, lebulo palibe, manyazi ake.

Nditachira m'pamene ndinakafufuza pepala lija amati SDS, lomwe limafotokoza kuopsa kwa mankhwala aliwonse ndi chochita ngozi ikachitika. La SLES 70 lili ndi chizindikiro cha GHS, dongosolo la padziko lonse lochenjezera za mankhwala oopsa, chija chojambula madzi akudontha kudya dzanja ndi chitsulo, ndipo pali nambala ya chenjezo H318, kutanthauza kuti amaononga maso kwambiri, osati kungoyabwa. Pali H315 ya kuyabwa kwa khungu, ndi H412 yoti ndi oipa kwa zamoyo za m'madzi. Zonsezi zinayenera kukhala pachidebe changa chija. Magalasi oteteza maso amene amatseka ndi m'mbali momwe ndi otchipa kuposa ulendo umodzi wa kuchipatala, panopa sinditsegula chidebe ndisanawavale, magalasi wamba owerengera sakwanira chifukwa chinthu chimatha kulowera m'mbali.

Pakhungu si zoopsa ngati m'maso koma osazitenga mwachibwana. Mankhwalawa ntchito yake ndi kuchotsa mafuta ndipo sasankha kuti awa ndi a mu poto awa ndi a pakhungu lanu. Masabata oyambawo ndimagwira ndi manja, zala zinauma, m'mphepete mwa zikhadabo munang'ambika tizilonda towawa ukakhudza mchere. Nditayamba kuvala magolovesi a nitrile zinatha. Komabe SLES ndi wofatsirapo poyerekeza ndi mbale wake SLS (sodium lauryl sulfate), uja wopanda E, amene ofufuza za khungu amamugwiritsa ntchito dala akafuna kuyabwitsa khungu poyesa mankhwala ena. E ameneyo akuimira ether, amachokera pa sitepe yomwe amaonjezera ethylene oxide ku lauryl alcohol, amene nthawi zambiri amachokera ku mafuta a kokonati kapena a njere za kanjedza. Sitepe imeneyo ndi imene imamufewetsa pakhungu.

Koma nkhani ya khansa yomwe anthu amatumizirana pa WhatsApp imachokeranso pomwepo. Mphekesera yoti mankhwala a mu shampu amayambitsa khansa inayamba kuzungulira pa imelo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo mpaka lero sinafe. Zoona zake n'zakuti SLES payekha sali pa mndandanda wa zinthu zoyambitsa khansa. Chomwe chilipo ndi kachinthu kena kotchedwa 1,4-dioxane kamene kamapangika mwangozi popanga SLES n'kutsalira mochepa kwambiri, ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linakaika mu gulu 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Mafakitale osamala amakachotsa ndi nthunzi asanagulitse. Boma la New York ku America linafika poika lamulo, kuyambira kumapeto kwa 2022 sopo wa m'nyumba ndi wosambira asapyole 2 ppm, ndipo kumapeto kwa 2023 anatsitsa kufika 1 ppm, kutanthauza miligalamu imodzi pa kilo yathunthu ya sopo. Ndiye funso lanzeru kwa wogulitsa si loti kodi izi zimapha, koma loti ndionetseni pepala la COA, la zotsatira za kuyeza katundu ameneyu, pamene pamalembedwa kuchuluka kwa dioxane, pH (muyezo wa asidi) ndi mphamvu yake. Wanga uja nditamufunsa anangoseka amvekere aliyense amagula osafunsa zimenezo, inu ndinu oyamba. Mxii. Apa m'pamene ndinamuchotsera nyenyezi pa zisanu zomwe ndipereke kumapetoku.

Kumwa mwangozi, makamaka ana, nako n'kofunika kukamba chifukwa sopo wopanga tokhayu timakonda kumuthira m'mabotolo a zakumwa, ndiye ukaikamo kala yobiriwira ndi fungo la mandimu mwana aziona ngati chakumwa, ndani angamudzudzule. Poizoni wake si wamphamvu kwambiri, pa makoswe mlingo wakupha umapitirira mamiligalamu 2000 pa kilo ya thupi, ndiye kakumwa kamodzi ka sopo wosungunula kawirikawiri kamangobweretsa nseru, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Choopsa ndi thovu. Mukamukakamiza mwana kusanza thovulo litha kulowa m'mapapo, ndiye osamusanzitsa, mutsukeni mkamwa, mupatseni madzi pang'ono, ngati akutsokomola, akubanika kapena wameza mankhwala osasungunula aja thamangani naye kuchipatala mutanyamula chidebecho. Ine mabotolo anga onse tsopano ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu ndipo amakhala pashelefu ya pamwamba.

Kusunga kwake sikovuta koma kuli ndi timalamulo take. Sakonda kutentha, akakhala nthawi yaitali pamalo opitirira madigiri 50 kapena akasakanikirana ndi asidi wambiri amayamba kuphwasuka, ndiye chidebe chisakhale padzuwa ndipo amene mumaphatikiza ndi sulphonic acid, asidi wina wopangira sopo, muyambe mwaipha asidiyo ndi kositiki, pH ifike cha pa 7, kenako SLES azibwera. Kukazizira amalimba, kutapa kwake kumafuna mphamvu, m'pamenenso supuni zimafwamphuka. Akadali wa 70 sawola msanga, koma mukangomusungunula tizilombo timayamba kumera, botolo langa lina lopanda mankhwala oteteza kuwola linayamba kununkha ngati chithaphwi patangotha masabata ochepa, ndinataya lonse. Komanso musayese nzeru zophatikiza ndi mankhwala ofewetsa zovala kapena opha majeremusi a benzalkonium chloride poganiza kuti mupanga sopo wamphamvu kawiri, amenewo ali ndi chaji yotsutsana ndi ya SLES, akakumana amagwirana n'kukhala zamatope ndipo onse awiri amasiya kugwira ntchito.

China chaching'ono chomwe palibe amene amakuuza: akatayikira pansi musathire madzi. Simenti imasanduka poterera moti ungathyoke msana, ndipo ukamakolopa thovu limangochuluka. Palani kaye ndi chikatoni kapena thirani mchenga kapena utuchi, wolani, kenako muzitsuka. Zotsukira ndowa musakathire mumtsinje kapena padamu la nsomba, n'zoona kuti mabakiteriya amawaphwanya msanga mankhwalawa koma asanaphwanyike amaononga makha a nsomba, zopumira zija.

Ndiye nyenyezi zingati? Mankhwala enieniwo ndikuwapatsa 4 pa 5, amatsuka, amachita thovu, amapita patali, imodzi ndachotsa chifukwa cha vuto losungunula lija. Wogulitsa amene ndinagulako ndikumupatsa 2, katundu anali weniweni ndipo sikelo yake sinabe, koma kupatsa munthu chinthu cha H318 m'chidebe cholemba ndi maka osanena ngakhale liwu limodzi loti samalani maso ndi kusasamala. Makilo 5 aja atsala pang'ono kutha ndipo ndigulanso, koma kwa wina amene ndamupeza, yemwe ananditumizira SDS ndi COA pafoni ndisanalipire n'komwe. Magalasi ndawamangirira ndi chingwe pa chogwirira cha chidebecho kuti ndisamachite kuwafunafuna.