Maphunziro a PBS a pa intaneti: n'ngoyenera ndalama zake kwa wa ku Salima kapena Nkhotakota?

Mayunivesite angapo a ku Britain, monga la Glasgow ndi la Kent, akhala akuphunzitsa Positive Behaviour Support, mwachidule PBS, njira yothandizira anthu a khalidwe lovuta popanda zilango, kwa anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, m'njira yoti munthu aphunzire ali pa ntchito komanso osachoka kwawo. Mphunzitsi wa ana a ulumali ku Khombedza, namwino wa ku Dwangwa, kapena wa ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu pa boma la Salima akhoza kulembetsa ngati ali ndi zomuyenereza. Kuona kwathu n'kwakuti maphunzirowa ndi abwino, ndipo luso limene amapereka likusowa kwambiri kuno kunyanja. Koma amapindulira munthu wa mtundu umodzi: amene amakumana tsiku ndi tsiku ndi mwana kapena wamkulu wa ulumali wa ubongo pamodzi ndi omusamalira. Wongofuna pepala lokwezera udindo adzataya ndalama zambiri n'kutuluka ndi mawu okhaokha.

Mtima wa maphunzirowa ndi mfundo imodzi. Khalidwe lovuta, kaya kudziluma, kumenyetsa mutu pakhoma, kumenya anzake, kuswa ziwiya kapena kuthawa pakhomo, limakhala ndi chimene likumupezera mwini wakeyo. Kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zinayi: kuti anthu amulabadire, kuti athawe chimene chikumusautsa, kuti apeze chinthu monga chakudya, kapena kuti amve mpumulo m'thupi. Njira ya PBS inakula ku America m'zaka za m'ma 1980 pakati pa akatswiri amene ankakana kuwongola anthu ndi zilango. Mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa kuti mwana akaphunzitsidwa kupempha chimene akufuna m'njira yosavuta, khalidwe lovutalo limachepa. Ku Britain nkhaniyi inakula mphamvu mu 2011, BBC itaulula nkhanza zimene anthu a ulumali ankachitiridwa pa chipatala cha Winterbourne View pafupi ndi Bristol, ndipo mu 2015 bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku England, linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka anthu otere. Mbiriyi n'njofunika kuidziwa musanalipire, chifukwa ndiyo imafotokoza chifukwa chake zitsanzo zambiri za m'kalasi zimanena za nyumba zosamaliramo anthu, zokhala ndi antchito osinthana usana ndi usiku.

Makwerero ake ndi atatu, monga mmene mayunivesite a ku Britain amachitira: satifiketi ya makirediti 60, dipuloma ya 120, ndi digiri yachiwiri ya 180, imene imathera pa kafukufuku wanuwanu. Kirediti imodzi amaiwerengera maola 10, choncho satifiketi yokha ndi maola 600. Mukaigawa pa chaka, akukwana maola 12 mpaka 15 pa sabata, pamwamba pa ntchito ndi banja. Ambiri amawerengera nthawi yoonera mavidiyo yokha, n'kuiwala kuti gawo lalikulu ndi kuwerenga nkhani za akatswiri m'Chingerezi chozama ndi kulemba maasayimenti. Yambani ndi satifiketi. Luso logwira nalo ntchito lili mmenemo, ndipo zikavuta pa ndalama mumatuluka muli ndi kanthu m'manja.

Chimene maphunzirowa amachita bwino koposa ndi kuphunzitsa munthu kupenya. Chida choyamba ndi kope logawidwa katatu: chimene chinachitika khalidwelo lisanayambe, khalidwelo lenilenilo, ndi chimene chinatsatira. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 12 wa Sitandade 3 amene amadziluma padzanja mpaka kutuluka magazi. Wosaphunzira amalemba kuti "anakwiya popanda chifukwa, anachita zamwano, tinamutonthoza." Mzere umenewu sungathandize aliyense. Wophunzira bwino amalemba kuti: 9:20, aphunzitsi anauza kalasi kuti ikopere za pa bolodi, analuma kuseri kwa dzanja lamanja katatu, akukuwa, aphunzitsi anamuuza kuti akakhale panja pansi pa mtengo wa mango. Mukasonkhanitsa mizere yotere kwa masabata awiri, n'kuona kuti pafupifupi yonse ikuyamba ndi ntchito yolemba n'kuthera panja, yankho laoneka. Kudziluma ndiyo njira yake yonenera kuti ntchitoyi yandikulira. Ndipo aphunzitsi, m'chifundo chawo chomwecho, akhala akumuphunzitsa kuti njirayo imagwira.

Kuchokera apo mumalemba ndondomeko ya thandizo, ndipo maphunziro abwino amaumirira kuti gawo lake lalikulu likhale lopewa. Ntchito ifupikitsidwe: mizere iwiri m'malo mwa bolodi yonse. Mwanayo akhale kutsogolo, pafupi ndi khomo, pamene phokoso lichepa. Kenako aphunzitsidwe chopempha m'malo mwa kudziluma, monga kukweza chithunzi chosonyeza kupuma kapena kugwira pachifuwa. Apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimafera. Njira yatsopanoyo iyenera kukhala yosavuta kuposa kudziluma, ndipo izibweretsa mpumulo msanga kuposa kudziluma. Mwana akakweza chithunzi aphunzitsi n'kunena kuti "dikira kaye ndimalize," wabwerera ku dzino tsiku lomwelo. Masiku oyamba aliyense ampatse mpumulo nthawi yomweyo, nthawi iliyonse wapempha. Kuchedwetsa kumabwera pambuyo, pang'onopang'ono, mzere umodzi woonjezera pa sabata. Dziwaninso kuti khalidwe likasiya kubweretsa chimene linkabweretsa, limayamba lakula kaye lisanachepe. Banja limene silinachenjezedwe za ichi limasiya ndondomeko pa tsiku lachitatu, likunena kuti mwaonjezera vuto.

Zonsezi maphunzirowa amazipereka mwadongosolo, ndipo aphunzitsi ake amawerenga ndondomeko yanu n'kukuonetsani pamene mwalumpha umboni. Kukonzedwa kotereku simungakupeze pongowerenga nokha, ndipo ndi kumene kwenikweni mukulipira.

Tsopano zimene sangakupatseni. Choyamba ndi za umoyo. M'kalasi adzakuuzani kuti musanafufuze khalidwe muyambe mwatsimikiza kuti munthuyo sakumva ululu, koma amanena izi akuganiza za dziko limene dokotala wa banja ali pafupi. Kuno chiganizo chimenecho ndi ntchito ya mwezi wathunthu. Salima ndi Nkhotakota ndi maboma a malungo, ndipo malungo a mu ubongo amasiyira ana ena khunyu, kuvutika kuphunzira ndi kusakhazikika. Khunyu lina siligwetsa munthu. Amangoti duu kwa kanthawi, kapena kusokonezeka n'kumenya amene ali pafupi. Mankhwala a phenobarbitone, amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zazing'ono, amachititsa ana ena kukhala osakhazikika ndi okwiya msanga. Mwana amene wayamba kudzimenya pakhutu kapena patsaya, muoneni khutu ndi mano musanatsegule kope. Kudzimbidwa, likodzo lopweteka pokodza, njala ya m'mawa kwa mwana amene wabwera ku sukulu osadya: chilichonse mwa izi chikhoza kukhala chiyambi. Funsani buku la kuchipatala, lembani tsiku limene mankhwala anasinthidwa kapena kutha, ndipo mugwire ntchito ndi a zachipatala. Pepala la PBS silikupatsani mphamvu yosintha mankhwala a munthu, ndipo kusiyitsa mankhwala a khunyu mwadzidzidzi n'koopsa.

Chachiwiri ndi osamalira. Mafomu amene mudzapatsidwe analembedwera antchito olipidwa, odziwa kulemba, okhala ndi woyang'anira. Kuno wosamalira ndi mayi amene m'mawa ali kumunda wa mpunga, masana akuyanika usipa, kapena agogo amene sanapite ku sukulu. Mukawasiyira fomu ya masamba anayi, adzaidzaza madzulo mongokumbukira, kapena mwana wa sukulu adzawalembera zimene akuganiza kuti inu mukufuna. Njira yogwira ndi iyi: mabotolo atatu, la m'mawa, la masana ndi la madzulo, ndipo nthawi iliyonse khalidwe lachitika aponyemo njere ya chimanga. Inu mukabwera muwerenge njerezo n'kufunsa za nthawi imene botolo ladzaza. Funso likhale lakuti "Agogo, dzulo masana zisanayambe munali kuti, iye amatani?" osati "n'chifukwa chiyani amachita zimenezi?" Funso lachiwirilo limabweretsa yankho lakuti analodzedwa kapena ndi mwano, ndipo kukangana nawo pa zimenezo kumangotseka khomo. Banja likhoza kupitiriza mapemphero ake uku likuponya njere m'botolo. Ndondomeko yomaliza ikwane tsamba limodzi, m'Chichewa kapena m'chinenero cha pakhomopo, ndi zinthu zitatu zokha zoti achite.

Chachitatu n'chowawa. Maphunzirowa amatsutsa mwamphamvu kumanga munthu, kumutsekera ndi kumufooketsa ndi mankhwala, ndipo akunena zoona. Koma malamulo amene mudzawerenge, monga Mental Capacity Act ya 2005, ndi a ku England ndi Wales. Athu muyenera kudzifunira nokha: Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2024 la anthu a ulumali linalowa m'malo mwa la 2012. Palibenso phunziro limene lidzakuuzeni chonena kwa mayi amene amamanga mwana wake ndi chitenje pa mtengo chifukwa nyumba ili pakati pa nyanja ndi msewu wa M5, ndipo iye ayenera kukatunga madzi. Mayi ameneyu akuopa maliro. Kumudzudzula kumangochititsa kuti azimumangira m'nyumba, kumene simungaone. Chimene PBS imakupatsani apa ndi kachitidwe: lembani maola amene mwanayo amamangidwa, pezani ola losavuta kwambiri kulichotsa, funani woti amuyang'anire pa ola limenelo, mpatseni chochita chenicheni monga kusankha nyemba kapena kutsuka mbale pafupi ndi mayi ake, ndipo mufufuze kumene amathawira ndi chimene amakapezako. Ola limodzi likachoka, mupite pa lina. Magulu a makolo monga a PODCAM ndi othandiza kwambiri pa ntchito imeneyi kuposa katswiri mmodzi wobwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi.

Pali umboni umene wofuna kulembetsa ayenera kuudziwa. Mu 2018 gulu lotsogozedwa ndi Angela Hassiotis wa ku University College London linatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu ku England, ndipo linapeza kuti kungophunzitsa antchito PBS sikunachepetse khalidwe lovuta kuposa chisamaliro cha masiku onse. Linapezanso kuti anthu ambiri sanalandire ndondomeko yathunthu monga mmene inayenera kukhalira. Ngati zinali choncho kumene kuli antchito ndi magalimoto, kuno n'kofunika kwambiri kuti musanayambe mugwirizane ndi akuluakulu a pa ntchito panu za nthawi yoyendera mabanja, ndiponso mupeze munthu woti aziona ntchito yanu ndi maso, osati pa kompyuta pokha.

Za intaneti ndi magetsi n'zodziwika, koma ziwerengereni. Maphunziro ambiri otere amakhala ojambulidwa kale, ndipo awa ndi abwino kwa ife: mumawatsitsa pamene netiweki ili bwino n'kuonera nthawi ina. Zokumana pa Zoom kapena Teams ndizo zimadya bandulo. Ola limodzi kamera ili yoyatsa likhoza kumaliza GB yathunthu, pamene mukazimitsa kamera zimachepa kwambiri. Khalani ndi malayini awiri, ya Airtel ndi ya TNM, chifukwa mphamvu zake zimasiyana mudzi ndi mudzi, komanso sola kapena batire loti lisunge laputopu maola atatu. Nthawi ya ku Britain imatsalira maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi inayo. Kalasi ya 6 koloko madzulo kumeneko ndi 8 koloko usiku kuno, m'nyengo ya mvula imene magetsi amavuta. Asayimenti itumizeni kutatsala tsiku lathunthu.

Fizi imalipidwa m'mapaundi, ndipo amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chimene chingachitikire bajeti ya zaka zitatu. Funsani ngati amalola kulipira gawo ndi gawo, ndipo yambani msanga za ku banki, chifukwa ndalama zakunja sizipezeka tsiku limene mwazifuna. Bungwe la Commonwealth Scholarship Commission limapereka thandizo la maphunziro a patali, koma pa makosi osankhidwa okha chaka chilichonse, choncho onani mndandanda wa chaka chimenecho. Yunivesite ikhozanso kufuna mayeso a Chingerezi monga IELTS, ngakhale munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale.

Musanalipire tambala, lembani kalata ku yunivesite n'kufunsa izi mosapita m'mbali: ngati asayimenti ikhoza kulembedwa pa munthu wosamalidwa ndi banja lake kumudzi, ngati amafuna woyang'anira wa kuno ndipo akhale ndi maphunziro otani, komanso ngati chilolezo cha makolo cholembedwa m'Chichewa n'chovomerezeka. Funsaninso a National Council for Higher Education mmene amazindikirira pepala la kunja, makamaka ngati ndinu wa m'boma. Wofuna kufika pa digiri yonse adziwe kuti kafukufuku wa pa anthu a kuno amafuna chilolezo cha komiti ya ku yunivesiteyo komanso cha komiti ya m'dziko muno, monga National Health Sciences Research Committee, ndipo zonse ziwiri zimatenga miyezi, choncho pempho liyambe chaka chachiwiri chisanathe.